Ulendo wa M'mbali mwa Nyanja

Funso la mwana

Ine ndine wa ku Mchinji. Kumeneko ndiko ndidabadwira, ndipo ndi komweko ndaphunzitsa ana zaka zoposa 20. Chaka ndi chaka ndakhala ndikujambula Nyanja ya Malawi pabolodi ndi choko. Ndinkauza ana kuti m'litali mwake ndi makilomita oposa 560, kuti pamene yatambalala kwambiri ndi makilomita 75, ndiponso kuti cha kumpoto kuya kwake kumafika mamita 700. Ndinkawauzanso kuti mitsinje yambiri imathira m'nyanjamo, koma wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, ndiwo Shire. Zonsezi ndinkazinena pamtima, osayang'ana m'buku, kotero kuti ndinkadziyesa munthu wodziwa nyanja.

Tsiku lina m'chaka cha 2023 mphunzitsi wa Sitandade 6 adadwala, ndipo ine ndidalowa m'kalasi mwake. Nditatha kufotokoza za nyanja, mtsikana wina wamng'ono adaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, kodi munthu akaima m'mbali mwa nyanja, tsidya linalo amaliona?" Ndidakhala chete. Yankho lake mudalibe m'buku, ndipo ine ndidali ndisanavikepo phazi langa m'madzi a nyanjayo. Ndidamuuza kuti ndidzamuyankha tsiku lina. Ana adayang'anana, ndipo ine ndidatuluka ndi manyazi.

Madzulo ake ndidakasimba nkhaniyi kwa atsibweni anga. Iwo ndi munthu wamkulu wa zaka zoposa 70. Pa unyamata wawo adakhala zaka zingapo ku Nkhotakota, akupalasa mabwato ndi kukoka makoka a anthu ena. Ali mwana sadapite kusukulu, koma chaka chimenecho adali atalowa sukulu ya kwacha, monga mwachitira inu owerenga kabukuka, ndipo adali atayamba kuphatikiza zilembo. Atamva nkhani yanga adaseka kwambiri nati, "Ahedi, inu muli ndi nyanja ya papepala, ine ndili ndi nyanja ya madzi. Tiyeni tipite tikazikumanitse."

Mwa mwayi mlamu wanga, amene ali ndi kagalimoto, adali ndi ulendo wa ku Nkhata Bay. Sukulu zitatsekera, tidanyamuka atatu m'mwezi wa Ogasiti. Tidapangana kuti ine ndinyamule mapu, koma zikwangwani zonse za m'njira aziwerenga ndi atsibweni.

Ku Senga Bay

Tidadzera ku Lilongwe, ndi kutsika mapiri a ku Dowa kulowa m'chigwa cha Salima. Kwathu kudali kukuzizirabe, koma potsika tidavula majekete, ndipo milambe idayamba kuoneka m'mbali mwa msewu. Pa Salima tidapitirira kummawa mtunda wa makilomita ngati 20, kufikira ku Senga Bay.

Nyanja ndidayamba kuimva ndisanaione. Kudali mkokomo ngati wa mvula yobwera patali. Titadutsa nyumba za asodzi, madzi aja adangoti mbee patsogolo panga, kuyambira kudzanja lamanja kufikira lamanzere. Mafunde adali kudza mondondozana, atanyamula thovu loyera, ndi kudziponya pamchenga. Ndidavula nsapato, ndidakwinya buluku, ndi kulowa mpaka m'mawondo. Munthu wamkulu ndithu, mwini sukulu, ndidagwira dzanja la nkhalamba poopa kugwa.

Nditayang'ana kummawa ndidaona chilumba cha Namalenje pafupi, koma kupitirira apo madzi adangolumikizana ndi thambo. Ndidati, "Basi, yankho la mwana uja ndalipeza. Tsidya silioneka." Atsibweni adapukusa mutu nati, "Musafulumire. Lero kuli utsi wa lupsa ndi fumbi la chilimwe. Mudzabwere mvula itagwa, kumwamba kutayera, mudzaona mapiri a tsidya ali ndandanda ngati mungawakhudze." Ndikadapita ndekha ndikadabwerera ndi bodza, ndi kukaliphunzitsa kwa ana. Akulu adanena zoona kuti safunsa adadya phula.

Mabwato ambiri adali pamtunda tsiku limenelo, ndipo asodzi adali kusoka maukonde pamthunzi. Atsibweni adati mphepo imene inkaombayo ndi mwera, yochokera kummwera, imene imalimba miyezi yozizira. Adandisonyeza m'mene mafunde ake amayendera ndi m'mene msodzi amaonera mitambo ndi mbalame asanakankhe bwato. Ine ndidawauza zimene ndidawerenga, kuti pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya idamira cha kumpoto kwa nyanjayi pa namondwe, ndipo anthu 145 adafera m'madzi. Iwo adati nkhaniyo adaimva kwa asodzi akale, koma chaka ndi chiwerengero sadali kuzidziwa.

Ku Chia ndi ku Nkhotakota

Tidabwerera ku Salima ndi kulowa msewu wa M5, umene umatsata nyanja kupita kumpoto. Msewuwu suyenda m'mphepete mwenimweni mwa madzi nthawi zonse. Nyanja imabisala kuseri kwa minda ndi midzi, kenaka nkuonekeranso mwadzidzidzi pakati pa mitengo ya mango.

Tili m'njira atsibweni adaloza kummawa nati kumeneko kuli chilumba cha Mbenji. Adafotokoza kuti kuyambira kale Mfumu Makanjira ya ku Salima imatseka chilumbacho m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Nthawi imeneyo palibe msodzi wololedwa kuponya ukonde, ndipo ngakhale pa nthawi yotsegula mowa suloledwa pachilumbapo. Lamulo limeneli lidayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo anthu amalisunga chifukwa ndi lawo. Ndidachita manyazi kachiwiri, pakuti ndaphunzitsa ana za kusamala nsomba zaka zonsezi osatchulapo chitsanzo cha mfumu ya dziko lathu lomwe.

Tisanafike ku Nkhotakota tidaima pa mlatho wa Chia. Apa pali thamanda lalikulu kumadzulo kwa msewu, lolumikizana ndi nyanja mwa kamtsinje kodutsa pansi pa mlathowo. Atsibweni adawerenga chikwangwani chake mosavuta, popeza zilembo zake ndi zinayi zokha. Anyamata adathamangira galimoto atanyamula nsomba m'manja. Atsibweni adatenga chambo chimodzi, adachiyeza ndi chikhato, ndi kuchibweza. Adati m'masiku awo chambo cha msinkhu umenewo ankachiponyanso m'madzi kuti chikule. Mnyamatayo adayankha mwaulemu kuti, "Agogo, zikuluzikuluzo kulibe masiku ano, ndipo kunyumba akudikira ufa." Palibe adamutsutsa. Tidagula nsomba zinayi ndi kupitirira.

Ku Nkhotakota tidapita ku mkuyu waukulu wa ku mishoni ya Anglican, umene anthu amautcha mtengo wa Livingstone. M'zaka za m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, amene ankatchedwa Jumbe, adakhazikika pamalo ano. Iye ndi amene adalowa m'malo mwake ankasonkhanitsa akapolo ndi minyanga ya njovu kuchokera kumtunda. Ankawaolotsa nyanja m'ngalawa za matanga, ndipo kuchokera tsidya lija anthuwo ankayenda pansi ulendo wa miyezi kufikira ku Kilwa, kunyanja ya mchere. Ambiri ankafera m'njira. David Livingstone, amene adafika pa nyanjayi koyamba mu 1859, adadza kuno m'zaka za m'ma 1860 ndi kudandaulira Jumbe kuti aleke malondawo, koma sadaleke. Adatha m'zaka za m'ma 1890. M'tchalitchi cha pafupi ndi mtengowo mudaikidwa Bishopu Chauncy Maples, amene adamira m'nyanja mu 1895.

Atsibweni adati ali mnyamata adakhalapo pansi pa mkuyuwo kambirimbiri, koma zolembedwa za pamenepo ankangoziona ngati mapazi a nkhuku. Tsiku limenelo adayandikira, adaika chala pa zilembo, ndi kuyamba kutchula chimodzichimodzi. Mawu ake ndi a Chingerezi, koma adalimbana nawo mpaka adapeza dzina la Livingstone ndi kulitchula lonse. Adatembenuka ndi kundiyang'ana osanena kanthu. Kenaka adati, "Anthu ankadutsa pano ali m'magoliwo, ena adali a kumtunda kwathu. Palibe adalemba maina awo."

Tidakasamba m'manja pa akasupe otentha a Mawira, ndipo madzulo tidadya mpunga wa komweko ndi nsomba zathu zija. Usiku mwera udaleka. Titapita kugombe tidaona nyali zambirimbiri zitandandalika pamadzi, mwakuti mlamu wanga adayesa ndi tawuni ya ku Mozambique. Atsibweni adati amenewo ndi asodzi a usipa. Bwato limodzi limanyamula nyali, usipa umasonkhana potsata kuwala, ndipo ena amauzinga ndi ukonde wa chilimira. Ndicho chifukwa chake usipa umachepa pamsika mwezi ukamawala, pakuti pamenepo nyali ilibe mphamvu yokopa nsomba.

Pa mlatho wa Bua

M'mawa mwake tidanyamuka, ndipo titayenda pang'ono kumpoto kwa Nkhotakota tidafika pa mlatho wina. Atsibweni adawerenga mokweza kuti, "B-u-a, Bua." Ndidapempha mlamu kuti aimitse galimoto.

Tili pamlatho atsibweni adati, "Mtsinje uwu ndi mnzake wa dzina wa Bua wa kwathu." Ndidawafunsa tanthauzo lake. Iwo adati kuyambira unyamata wawo ankadziwa kuti kuli mitsinje iwiri ya dzina limodzi, wina waung'ono wa ku Mchinji ndi wina waukulu wa kunyanja. Sikudali kupusa ayi. Iwo adadza kuno pa lole yodzera ku Lilongwe ndi ku Salima, ndipo sadatsatepo mtsinjewo ndi mapazi. Ndidayala mapu pamwamba pa galimoto. Ndidaika chala chawo pa Mchinji, pamene mzere wobiriwira umayambira, ndi kuwapempha kuti autsate okha. Chala chija chidayenda pang'onopang'ono kudutsa chigwa cha Kasungu, kulowa m'nkhalango ya Nkhotakota, mpaka chidagwera m'nyanja. Adabwerezanso kachiwiri. Kenaka adavula chipewa, adasuzumira pansi pa mlatho nati, "Kani ndi madzi a kwathu awa!"

Adakhala chete nthawi ndithu, ndipo pambuyo pake adayamba kundiphunzitsa ine. Adati mumtsinje umenewu mumakwera mpasa, nsomba yaikulu yonona imene imakhala m'nyanja koma imaswera kumtsinje. Mvula ikagwa imasiya nyanja ndi kulimbana ndi madzi kupita kumtunda, kukafuna malo osaya, a madzi oyera othamanga, pamene pansi pali timiyala. Pamenepo ndipo imaikira mazira. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. Adati kale mpasa zinkakwera zochuluka, koma asodzi a masiku ano akudandaula kuti zachepa kwambiri.

Mbali ina ya nkhaniyi ndidali kuidziwa. Chigawo cha kumunsi cha Bua chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ya makilomita 1,800 m'bwalo lake, imene bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira mu 2015. M'zaka za 2016 ndi 2017 adasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. M'nkhalangomo mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ilipo, ndipo ndiyo imagwira dothi. Koma mtsinje suyambira m'nkhalango. Matope amene amapha mazira a mpasa amachokera kumtunda, kumene ife timalima mpaka m'mphepete mwa madzi ndi kudula mitengo yootchera njerwa ndi kuchizira fodya. Ndidakumbukira dimba langa, limene mizere yake imathera pa gombe la kamtsinje kothira mu Bua. Ndidakumbukiranso njerwa za midadada iwiri ya pasukulu pathu, ndi kumene tidatenga nkhuni zake. Atsibweni nawo ali ndi dimba pafupi ndi langa. Tidayang'anana, pakuti mlandu wa mnyamata wa pa Chia uja udali utatipeza tonse awiri.

Ku Bandawe

Kuchokera pa Bua tidadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, kumene fakitale ya shuga idayamba ntchito mu 1979. Minda yake ndi yobiriwira ngakhale m'chilimwe chifukwa amathirira. Kupitirira apo tidapeza milatho yopapatiza yodutsa galimoto imodzi pa nthawi, ndi maenje m'malo ena. Dzenje lina lidatiphulitsira tayala. Pamene mlamu ankasintha, amayi ena odutsa adatipatsa moni m'Chitonga, ndipo tidadziwa kuti talowa m'dziko la Atonga. Minda ya chimanga idachepa, ya chinangwa idachuluka, ndipo masana tidadya kondowole ndi usipa wauwisi.

Pafupi ndi Chintheche tidapatuka kupita ku Bandawe wakale. Amishoni a ku Scotland adayamba ntchito yawo ku Cape Maclear mu 1875, koma malungo adawasautsa, ndipo mu 1881 Dr Robert Laws adasamutsira mishoni kuno. Nakonso malungo sadawaleke, kotero mu 1894 likulu lake lidakwera kuphiri la Khondowe, kumene lero timati Livingstonia. Ku Bandawe kudatsala tchalitchi chakale cha njerwa ndi manda a amishoni. Atsibweni adayenda pakati pa mandawo akuwerenga manambala a zaka, ndi kuchotsera okha chaka chobadwa ku chaka chomwalira. Adadabwa kuona kuti ena adafa ali anyamata, ndipo ena adali makanda.

Ndidawauza kuti Atonga adalandira sukulu msanga, mwakuti ambiri adakhala aphunzitsi ndi makalaliki, ndipo adapita kukagwira ntchito m'maiko a kummwera. Ndidaonjeza kuti m'sukulu zoyamba zija mudali kukhalanso anthu akuluakulu a ndevu, pamodzi ndi ana. Atsibweni adaseka nati, "Ndiye kuti sindine woyamba kugwira pensulo ndili ndi imvi."

Mchenga wa ku Chintheche ndi woyera ngati ufa, ndipo umalira pansi pa mapazi. Tidapumulapo pang'ono, atsibweni akulemba dzina lawo pamchenga ndi kamtengo, mafunde akulifufuta, iwo akulembanso.

Ku Nkhata Bay

Msewu udalowa m'minda ya mitengo ya mphira ya ku Vizara, kumene tidaona timakapu tomangirira kumitengo tolandira utomoni, ndi anyamata ogulitsa mipira yoluka ndi mphira. Madzulo tidatsikira ku Nkhata Bay. Kuno mapiri amafika mpaka m'madzi, ndipo gombe ndi la miyala. Madzi ake ndi oyera kotero kuti ndidaima pathanthwe ndi kuona tinsomba tamawangamawanga, tobiriwira ndi tachikasu, tikubudula ndere pamiyala. Timeneti ndi mbuna. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Mawu amenewa ndidawanena m'kalasi kosawerengeka, koma mbuna ndidaiona tsiku limenelo.

Sitima ya Ilala sitidaipeze padoko. Ndidauza atsibweni kuti idapangidwa ku Scotland, idabwera zidutswazidutswa, ndipo idayamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Iwo adandiuza m'mene imalirira ikamafika, ndi m'mene mabwato ake aang'ono amatulira anthu pamalo opanda doko. Tidapitanso pa chipilala chokumbukira anthu amene adaomberedwa padoko limeneli pa 3 Malichi 1959, pamene adasonkhana kufuna kuti abale awo omangidwa, amene adali m'sitima ya Mpasa, amasulidwe. Ndilo tsiku limene dziko lathu limakumbukira chaka ndi chaka. Pano maina adalembedwa, ndipo atsibweni adaima nthawi yaitali akuwatchula pang'onopang'ono.

M'mawa mwake ndidaona ngati utsi wakuda ukukwera pakati pa nyanja, ndipo ndidafuula kuti bwato likupsa. Atsibweni adati si moto, koma nkhungu, tizilombo touluka totuluka m'madzi, timene anthu a kuno amatigwira ndi kupanga ndiwo. Pamenepo mlamu wanga adati, "Ahedi, ulendo uno mwalakwa mayeso kangati?" Ndidavomera kuti ndasiya kuwerenga.

Pobwerera

Sukulu zitatsegulira ndidamfunafuna mtsikana uja, amene tsopano adali mu Sitandade 7. Pamaso pa anzake ndidamuyankha kuti pa Senga Bay tsidya limaoneka mvula ikatsuka kumwamba, koma m'chilimwe utsi umalibisa. Ndidawauza poyera kuti yankholo ndidalilandira kwa munthu amene akuphunzira kumene kuwerenga. Mlungu wotsatira ndidaitana atsibweni kuti adzafotokoze za mwera, usipa ndi mpasa, ndipo ana adamvetsera koposa m'mene amandimverera ine.

Mvula ya chaka chimenecho itayamba, ine ndi atsibweni tidabweza mizere ya madimba athu kutali ndi madzi, ndipo m'mphepetemo tidadzalamo nsenjere ndi mitengo. Tataya ndime ya masamba, ndipo akazi anga adayamba adandaula. Anansi ena amatiseka kuti tikudyetsa nsomba zimene sitidzazidya. Madimba awiri sangayeretse mtsinje wonse, koma nkhaniyi tidaitula kwa anyakwawa, ndipo ikukambidwa.

Tsono inu anzanga amene mwayamba kuwerenga muli akulu, musadziyese opanda nzeru pamaso pa ife amene tidakhala pasukulu zaka zambiri. Muli nazo zambiri zimene maso anu adaona ndi manja anu adagwira, zimene m'mabuku mulibe. Chimene kuwerenga kudzakuonjezerani ndi chonga chija chidachitika pa mlatho wa Bua, pamene munthu adatsata mzere ndi chala chake ndi kuzindikira madzi a kwawo. Mukapeza mpata wa ulendo, pitani, ndipo muziwerenga zikwangwani nokha. Atsibweni adalemba m'kope lawo maina a malo onse amene tidaimapo, kuyambira Salima mpaka Nkhata Bay. Pansi pake adasiya mizere yopanda kanthu, chifukwa akuti ku Livingstonia ndi ku Karonga sitidafikeko.